Tsalani Bwino, a Gama

Amene munagayitsako pa Kanjiwa magetsi asanafike, a Tobiyasi Gama mukuwadziwa. Bambo wamtali uja, woyera mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amene ukawapatsa moni ankangokuyang'ana pakamwa. Alendo ankati ndi munthu wonyada. Sikunali kunyada ayi, makutu ndiwo anali atapita kalekale.

Chinawadya makutuwo ndi chigayo chomwecho. Injini yake inali yadizilo, ikalira ankaimva anthu kutsidya kwa dambo, ndiye taganizani munthu woima pambali pake kuyambira ali mnyamata mpaka kumera imvi. Poyamba kunkangolira kanthu m'khutu ngati nyenje. Kenako mawu a ana anasowa, n'kutsatira a amayi, mpaka pomaliza ngakhale bingu ankangolidziwira kumapazi. Kuchipatala anawaunika m'makutu ndi katochi, n'kuwauza kuti palibenso chochita.

Komatu kumva si kwa makutu okha. Lamba wa chigayo akayamba kukhwefuka, a Gama ankamva ndi mapazi. Chimanga chikabwera chosauma bwino, ankamva ndi mphuno thumba lisanamasulidwe. Mnzawo wapantchito, Kaliwo, amene ankayeza chimanga pakhomo, ankakonda kuuza amayi a pamzere kuti, "Madala awa ndi gonthi inde, koma tayesani kulawa kachasu m'mawa. Akumvani musanawoloke n'komwe pamlatho."

Kunyumba anali ndi akazi awo, a Nangozo, ndipo awiriwa anali ndi kalankhulidwe kawokawo. A Nangozo akafuna kunena zoti zimveke, ankatenga dzanja la amuna awo n'kuliika pakhosi pawo, n'kumalankhula atawayang'ana kumaso. Maso a a Gama ankawerenga milomo, chikhatho n'kumamva kunjenjemera kwa mawu. Ongodutsa ankaseka kuti nkhalamba zija zayambanso kukanyangana pakhosi, koma eniakewo analibe nazo ntchito.

A Nangozo anali mayi waulemu wotopetsa. Sankachoka pakhomo osatsanzika, ngakhale popita kuchitsime pomwepa. Ankaima kutsogolo kwa amuna awo n'kunena kuti, "Tsalani bwino, a Gama," ndipo sankasuntha phazi mpaka atayankhidwa. Tsiku lina lole yopita kumsika inawasiya chifukwa cha khalidwe lomweli. A Gama anali atalowa kunsi kwa injini kumanga nati, ndipo mayiwo anangoima pakhomo la chigayo, dengu la tomato lili pamutu, kudikira kuti awonedwe. Tomatoyo anakathera mundiwo za anansi.

Chimene chinkawapweteka a Gama ndi chimodzi. Anamuuzapo Kaliwo tsiku lina akudya chinangwa kuti, "Wailesi sindiisowa ine, kwaya ya kutchalitchi sindiisowanso. Koma ndikanangomva mawu a Nangozo kamodzi kokha. Anali osasa pang'ono, ngati munthu wa chimfine. Ndayamba kuwaiwala."

Zachilendo zinayamba m'nyengo yozizira, m'mawa wina wa nkhungu. A Gama anali akusesa gaga m'chigayo, injini isanalize, pamene anamva kuti, "Odi!"

Anamva ndi makutu. Tsache linagwa pansi.

Mawuwo anawadziwa, anali a Nanthambwe, mayi wogulitsa zitumbuwa amene ankakonda kufika woyamba. Anacheuka, koma pakhomo panali nkhungu yokhayokha. Chinawadabwitsa kwambiri ndi mphuno. Nanthambwe ankafika ndi fungo la utsi ndi mafuta okazingira, koma apa panalibe fungo lililonse, ndipo pansi sipanamveke phazi la munthu.

"Ndimati ndikutsanzikeni, achimwene," anatero mawuwo. "Lichero langa ndinaliiwala kuseri kwa chitsekoko, mudzampatse mwana wanga."

"Chabwino, pitani bwino," anayankha a Gama, pakamwa patangoyenda pokha monga mwa chizolowezi.

Kuseri kwa chitseko licherolo linalipodi. A Gama sanachite mantha, anasangalala ngati mwana. Anaganiza kuti makutu atseguka. Anawomba m'manja pafupi ndi khutu, anamenya ndowa ndi sipanala, anatsokomola mwadala. Kunali zii ngati kale. Dzuwa litakwera, Kaliwo anafika nkhope ili yakugwa, n'kuwakokera panja kukawaonetsa masamba amene anthu anali atayala pamsewu kusonyeza maliro. Nanthambwe anali atatisiya m'mawa womwewo.

Sizinathere pomwepo. Patapita miyezi anamva wakabaza wina akuwaitana masanasana, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kuthamangira kumsewu waukulu. Tsiku lina anamva kulira kwa khanda kuseri kwa chigayo, kumene kunali nthochi zokha. Onsewa ankabwera opanda fungo, opanda phazi, mawu okha. A Gama anafotokozera akazi awo, ndipo a Nangozo anawagwira dzanja mwamphamvu n'kuliika pakhosi.

"Zimenezi zithere m'nyumba muno. Anthu akuno mukuwadziwa, munthu akadziwa maliro asanalengezedwe amati wadya nawo. Mwamva?"

"Ndamva."

Amene anawaphunzitsa zenizeni za nkhaniyi anali a Dzonzi, nkhalamba ya kutsidya imene anakanganapo nayo chifukwa cha mbuzi zolowa m'dimba. Mawu a a Dzonzi atafika m'mawa kudzatsanzika, a Gama anati mumtima, lero mundiona. Sanayankhe. Mawuwo anaima pakhomo tsiku lonse, kubwereza zomwezomwezo, ndipo amayi obwera kudzagayitsa ankanena kuti kutsidyako a Dzonzi akupuma movutika, mzimu ukukana kuchoka. Dzuwa litapendeka a Gama anatopa nazo, n'kukalipa kuti, "Pitanitu, mwandisokosa!" Asanamalize n'komwe kugaya ndowa imene inali m'chigayo, anaona amayi kutsidya akuthamanga manja ali kumutu.

Tsiku limenelo anazindikira kuti amene akuwamvawo ndi anthu oima pakhomo la imfa, ndipo chowatsegulira chitseko ndi yankho. Kuyambira pamenepo, chinthu chija ankachilakalaka chinasanduka choopsa kuposa zonse. M'mawa uliwonse ankayang'ana milomo ya a Nangozo ikuyenda, kudandaula za nkhuni, za sopo, za mkamwini waulesi, ndipo posamva kanthu ankathokoza Mulungu.

Mvula yoyamba itagwa chaka chotsatira, a Nangozo anayamba kudwala. Chinayamba ngati chifuwa wamba, kenako miyendo inatupa, mpweya n'kumawathera akangoyenda pang'ono. Mwana wawo wamkazi, Emelida, anabwera kuchokera kubanja kwake n'kunena kuti basi, akagonekedwe kuchipatala cha mishoni. Iye ndiye anapita kukawadikirira, poti mwamuna sagona kuwodi ya amayi, komanso chigayo sichikanaima. Powakweza galimoto, a Nangozo anakoka dzanja la amuna awo n'kuliika pakhosi.

"Lero sinditsanzika. Ndibweranso."

A Gama anawagwiritsitsa mawu amenewo. Mlungu unatha, wina n'kuyamba. Uthenga wochokera kuchipatala unkangoti ali chomwecho.

Linali Lachisanu masana, tsiku la msika, mzere wa madengu utafika mpaka pamtengo wa mango. Injini inali ikubangula, fumbi la ufa lili koboo m'chigayo monse. A Gama anali atanyamula ndowa kuti athire chimanga pamene anamva kumbuyo kwawo, chakumanzere, pafupi ndi chitseko.

"A Gama."

Mawu osasa pang'ono, ngati a munthu wa chimfine. Anali atakalamba kusiyana ndi mmene ankawakumbukira, koma anali omwewo. Anadutsa phokoso lonse la injini ngati kuti m'chigayomo munalibe china chilichonse.

Ndisakunamizeni, choyamba kubwera chinali chimwemwe. Misozi inatsika yokha, n'kulemba mizere iwiri pa ufa wa kumaso. Mantha anafika pambuyo.

"Tsalani bwino, a Gama."

A Gama analuma mlomo. Anathira chimanga chija, n'kutenga ndowa ina. Kenako anavula kansalu kamene ankapukutira thukuta n'kukamanga kukamwa, monga amachitira ogaya poopa fumbi. Anaganiza za a Dzonzi. Ngati nkhalamba ija inakhala tsiku lathunthu chifukwa chosayankhidwa, ndiye kuti a Nangozo, mayi woti lole inawasiya chifukwa cha ulemu, sakanapita kulikonse. Chofunika chinali kungotseka pakamwa.

Anatsekadi. Anasiya kulankhula ndi wina aliyense, poopa kuti ngakhale "eya" wouza Kaliwo angatengedwe ngati yankho. Kutsokomola komwe ankachita kutsokomolera m'chigongono.

Mawuwo sanakwiye. Ankatsanzika, n'kudikira, n'kutsanzikanso. Pakatipakati ankalankhula za pakhomo. "Mbewu ya nyemba ili mumtsuko wosweka kukamwa uja, musaphike." Pena ankati, "Malaya anu a kutchalitchi batani lachoka, mumuuze Emelida, inu musayese, mungadzibaye." Madzulo a Gama akaweruka, mawuwo ankawatsatira m'njira yonse mpaka kunyumba, n'kukaima pakhomo. Sankalowa m'nyumba. A Gama ankakhala pakhonde mpaka mdima, kumvetsera ngati munthu waludzu amene wapeza madzi, ndipo mumtima ankadziuza kuti akuchita zimenezi pofuna kupulumutsa akazi awo. Mbali ina zinali zoona. Mbali inayo, ankangofuna kumvabe.

Ena anayamba kuona zawo. Galu wa pakhomo ankagona moyang'ana pafupi ndi chitseko, n'kumagwedeza mchira popanda munthu. Nkhuku zinasiya kudutsa pamenepo, zinkachita kuzungulira. Kuchigayo, fumbi la ufa linkagwera paliponse, pamutu, pazenera, ngakhale m'thumba la malaya. Koma pafupi ndi chitseko, chakumanzere, panali timalo tiwiri toyandikana pamene ufa sunkagwerapo, simenti ili yakuda bii. Kaliwo anasesapo, n'kuwazapo gaga ndi dzanja. Pobwera kuchokera koyeza chimanga anapeza timalo tija tili bii ngati kale. Sikelo yake anaisamutsira panja, ndipo amayi a pamzere, popanda wowauza, anayamba kulowa chammbali.

Tsiku lina Kaliwo anawaimirira kutsogolo n'kulankhula motsegula kukamwa kuti awerenge bwino. "Madala, ugonthi wokha sunakukwaneni, mwati muwonjezere kusalankhula? Chikuchitika n'chiyani pano? Ine ndili ndi ana, ndiuzeni ngati n'zothawa."

A Gama anangoloza kukhosi ngati kukuwawa. Kaliwo anapukusa mutu, n'kuyang'ana pachitseko paja, n'kutuluka.

Masiku anapita ndithu. Kenako m'mawa wina, akutsegula chigayo, mphuno inawauza kuti kumbuyo kwawo kuli munthu weniweni, wa fungo la sopo wa kuchipatala ndi thukuta la ulendo. Anali Emelida. Anali ataonda, maso ali psuu. Sanapereke n'komwe moni. Anatenga dzanja la bambo ake n'kuliika pakhosi pake, monga ankachitira amayi ake.

"Ababa, amayi akuzunzika. Adokotala ananena kalekale kuti palibenso chochita, ndipo akudabwa kuti akupumabe bwanji. Sakudya, madzi sakumeza, kumsana kwachita zilonda. Abusa abwera kudzapemphera mpaka atopa. Koma milomo yokha ikungoyenda, usana ndi usiku, mawu osatuluka. Ndaika khutu pakamwa pawo, palibe chimene ndikumva." Anawayang'ana m'maso. "Inu mumawerenga milomo. Tiyeni mukatiuze chimene akunena, mwina pali chimene akufuna."

A Gama anayang'ana pansi, pa timalo tiwiri tija. Chimene ankafuna a Nangozo ankachidziwa bwino lomwe, moti pa nthawi yomweyo anali akuchimva.

Anakwera minibasi atavala zomwezo za ufa. Anthu ankawakankha, kondakitala akukalipa zimene iwo sankamva, koma mawu aja anali pomwepo, kuseri kwa phewa lamanzere, ngakhale kuti pampando wakumbuyo panali matumba a makala. Ulendo wonse sananene za nyemba kapena za batani. Ankangopuma, kupuma kwa munthu wotopa.

Kuwodi kunali fungo la mankhwala, la phala ndi la mabulangete onyowa. A Gama anayenda pakati pa mabedi osadikira kulozeredwa, mphuno ikufunafuna fungo limene anagona nalo pamphasa imodzi kuyambira unyamata wawo. Analipeza pabedi la pakona, koma linali litatsala pang'ono, litaphimbidwa ndi lina limene munthu salisokoneza ndi china chilichonse.

Zimene anaona pabedipo sindingazifotokoze zonse. Mayi wonenepa uja, wosenza dengu la tomato popanda kugwirira, anali atatsala mafupa m'chitenje. Milomo inali itang'ambikang'ambika chifukwa chouma, koma inkayendabe. A Gama anagwada, n'kuika chikhatho pakhosi paja. Panali potentha, mtsempha ukugunda mofooka, koma kunjenjemera kwa mawu kunalibe. Milomo inkaumba mawu pabedi, mawuwo n'kumamvekera kumbuyo, kukhomo la wodi.

"A Gama, miyendo yatopa n'kuima. Paja mukundidziwa, sindichoka osayankhidwa."

Apa ndi pamene a Gama anamva manyazi, manyazi enieni owotcha kumaso. Masiku onse aja iwo ankakhala pakhonde kumvetsera za nyemba, n'kumati akusunga mkazi. Kumene ankamusungako n'kumeneku, pabedi ili, pazilonda izi. Komabe, ngakhale ataona zonsezo, mtima unkati dikirani pang'ono, mawa lokha. Munthu ndi wotero.

Emelida anawagwedeza phewa kuti amuyang'ane. "Akuti chiyani, ababa?"

A Gama anamasula kansalu kakukamwa kaja. Lilime linali lolemera chifukwa chokhalitsa osagwira ntchito.

"Akutsanzika."

"Akutsanzika ndani?"

"Ine."

Emelida kaya anamvetsa zochuluka bwanji, sindikudziwa, koma anali mwana wa a Nangozo, wokulira m'nyumba imene munthu sachoka osayankhidwa. Anagwada mbali inayo ya bedi, n'kugwira dzanja la amayi ake.

"Ndiye ayankhenitu, ababa."

A Gama anaweramira pafupi. "Nangozo," anatero, "munati simutsanzika. Munati mubweranso."

"Ndinabweratu," anayankha mawu aja kukhomo, ndipo munali kakuseka pang'ono. "Simunandimve? Tsalani bwino, a Gama."

Anadikira kuti mawuwo athere m'makutu, mpaka kachidutswa komaliza. Kenako anayankha mokweza, mwina mokweza kwambiri poti gonthi sadziwa kukula kwa mawu ake, moti odwala a mabedi ena anatembenuka.

"Ndamva, Nangozo. Pitani bwino."

Kukhomo kunati zii. Koma pansi pa chikhatho chawo, pakhosi paja, panayamba kunjenjemera. A Nangozo anali akulankhula ndi mawu awo enieni, a m'thupi, kwa nthawi yoyamba pa masiku onsewo. Namwino amene ankadutsa anaima. Mayi wa bedi loyandikana anadzutsa mutu. Emelida anagwira pakamwa. Wodi yonse inamva, kupatula a Gama, ndipo maso awo anali atadzaza misozi moti milomo sanaione. Kunjenjemerako kunali kwakufupi, mawu atatu kapena anayi. Kenako mtsempha uja unaleka.

"Ati chiyani?" anafunsa a Gama. "Emelida, amayi ako ati chiyani?"

Emelida anatenga dzanja lawo n'kuliika pakhosi pake kuti awauze. Koma anali akulira, khosi lonse likungogwedezeka, milomo ikunjenjemera, ndipo a Gama sanatolepo kanthu. Anayesa kawiri, n'kulephera. Amayi a m'wodimo anayamba kusonkhana ndi zitenje zotchingira bedi, ndipo mwamuna anayenera kutuluka.

Maliro atatha, Emelida anafuna kuwauza bwinobwino, atakhala pansi pakhonde. A Gama anabweza dzanja lawo. Anati mawu amene anali awo anawamva kale, ndipo anawamva mopitirira muyeso, awa otsalawa akhale a mwana.

Anabwerera kuchigayo Lolemba lotsatira. Kaliwo anali atagaya yekha masiku onse a maliro, ndipo posesa sankafika pachitseko paja. A Gama anaima n'kuyang'ana chakumanzere. Ufa unali utagwera ponseponse mofanana, osadziwikanso pamene panali timalo tija. Anaponda pamenepo ndi phazi lopanda nsapato, n'kuimapo kanthawi. Kenako anapita kukaliza injini, n'kuimva ikugunda kumapazi monga mwa masiku onse.

Anagwirabe ntchito mpaka magetsi atafika. Amene ankalawirira kuchigayo m'zaka zimenezo amanena kuti nthawi zina ankawaona madalawo ataimitsa tsache, n'kucheukira kukhomo kopanda munthu. Sankachedwanso ayi. Ankavula chipewa, n'kunena kuti, "Pitani bwino," kenako n'kupitiriza kusesa.